Mungu wa Paini wa Madala Ometa

Madala ena ake ometa tsitsi ku Pyeongchang sayamba ntchito asanabwire mungu wa paini wothira uchi. Amati ndiwo umawasungira unyamata, ndipo palibe amatsutsa, poti amalalikira lumo lili pakhosi pa munthu.

Tsiku lina anakwera paini kukagwedeza mungu, akudziwa kuti Mayi Gwak, amasiye ogulitsa tofu, chakudya cha soya, omwe ankawafunsira, adutsa pomwepo. Kukwera anakwera, kutsika kunawakanika. Anakakamira nthambi mpaka mayiwo anabweretsa makwerero.

"Achikulire, kodi mankhwala anuwa amathandiza pokwera pokha?"

"Mayi, wati ndalephera ndani? Ndimadikira inu."

Anakwatirana chaka chisanathe, koma aliyense wogula tofu amauzidwabe kuti mkwati anachita kuthyoledwa mumtengo.