Liboni Yofiira pa Chisa cha Nantchengwa

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala kumapeto kwa Natuseko, kumene nyumba zimathera m'dambo. Unali mwezi wa Okutobala, mitengo itaphuka masamba ofiirira. Kusukulu tinkakonzekera magule a tsiku la ufulu, ndipo amayi anandigulira liboni yofiira.

Ndinaichapa n'kuiyanika pa waya wa kudimba. Pofika madzulo inali itasowa, monga zinasowera sokosi ya atate ndi kampango ka amayi. Ine, ndi pakamwa panga pothamangapa, ndinaloza chala Esinati, msuweni wanga amene anachokera ku Katete kudzaphunzira.

"Sindinatenge, azakhali," Esinati anauza amayi. Koma amayi anagamula kuti Loweruka akwera basi kubwerera kumudzi, sukulu ithere pompo.

Lachinayi amayi anandituma kukaingitsa apumbwa amene ankajompha tomato. Ntchitoyi ndinkailephera, chifukwa m'malo moingitsa ndinkangoti kukamwa yasa, kuonerera anamzeze ndi timba. Kenaka kunatera nantchengwa, mbalame yofiirira ya mutu ngati nyundo. Ndinkayesa yadzera achule a mumfuleni, koma inatola kansanza komangira tomato n'kuuluka nako. Mbalame yodya achule ikatani ndi nsanza? Ndinaitsatira, matope mpaka m'mawondo, kukafika kukamtsinje.

Pamphanda ya mkuyu panali chisa chachikulu kuposa mtolo wa nkhuni. Pamwamba pake panali sokosi, kampango, ndi liboni yanga ikupepezeka ndi mphepo.

Ndinachita manyazi, ndipo ndisabise, ndinaganizako zongokhala chete. Koma ndinakaitana amayi, Esinati akutsatira m'mbuyo. Chisa cha nantchengwa anthu amaopa kuchikhudza, choncho tinangoima pansi pake, makosi m'mwamba.

"Mwana wanga, takulakwira," amayi anauza Esinati.

Esinati sanalire. Anayang'ana ine n'kunena motsitsa mawu: "Mbalame mwaikhulupirira. Ine ndinalankhula, simunamve."

Loweruka basi inapita popanda iye. Anamaliza sukulu ali kwathu, koma anatha chaka osandilukanso tsitsi. Mpaka lero ndimakonda kuonerera mbalame, ndipo ndimatha kudikira imodzi kwa ola lathunthu. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana amene ndinkagona naye mphasa imodzi sindinamudikire ngakhale mphindi imodzi.