Mapu a m'Chigafa

Anabwera Lachiwiri masana, mwezi wa Febuluwale, anthu ali kalikiliki kuthyola fodya. Amuna awiri ovala zawamba anaodira pakhomo pathu ku Mtunthama mwaulemu ngati odzafunsira mbeta.

"Aphunzitsi, tiyeni mukatifotokozereko za mafuta zija."

Ndinadziwa zomwe ankanena. Ine ndimaphunzitsa za ubale wa mayiko pa koleji ina, ndipo pakamwa panga sipadziwa tchuthi. Lamulungu lapitalo ndinali nditausa mvula m'chigafa pa esiteti ina pamodzi ndi matenanti. Bambo wina wochokera kummwera anandifunsa kuti, "Fodya wathuyu amagula ndi madola, nanga petulo akusoweranji?" Ndinatola kamtengo n'kujambula pansi: zitsime za mafuta kutali uko, kampata ka panyanja komwe sitima zimadutsa, doko, ndi msewu wa matankala mpaka ku Kasungu. Ndinati mayiko akuluakulu akakangana pakampata paja, otsamwa ndife, chifukwa mtengo wa fodya ndi wa mafuta amaika ndi anthu omwe chigafa sanachionepo.

Sananditengere kupolisi, koma ku nyumba ya pa esiteti yosiyidwa kalekale. M'chipindamo munali ndowa ndi fungo la fodya wakale. Wondifunsa mafunso anali munthu wofatsa, wolankhula ngati mkulu wampingo. Anandipatsa kamtengo.

"Jambulaninso."

Ndinajambula pafumbi la pasimenti. Iye anagwada n'kukonza mzere umodzi ndi chala.

"Tsiku lija msewuwu munaukhotetsa chonchi."

Ankanena zoona. Ndinaopa kwambiri.

"Matankalawa mukufuna kuwatsekera pati? Chabwino, zisiyeni. Tingotchulireni omwe analipo, makamaka uja anafunsa, mukagone kwanu."

Ambiri ndinkawadziwa mayina poti tinkapemphera mpingo umodzi. Koma tenanti akathamangitsidwa fodya asanagulitsidwe, ndiye kuti chaka chonse walimira mwini esiteti ulere, ndipo amabwerera kwawo chimanjamanja ndi ana. Ndinati ndaiwala.

M'mawa uliwonse zinali zomwezo: kamtengo, mapu, funso, kenako iye mwini ankasesa mapuwo bwinobwino n'kutuluka. Panja sipankamveka tambala kapena galimoto, koma mphepo yokha m'malata. Masiku ena kunkabwera mnzake amene za mapu analibe nazo ntchito. Khutu langa lakumanzere silimvanso bwino.

Ananditulutsa fodya atayamba kupita ku okushoni. Wofatsa uja anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Muyende bwino, aphunzitsi. Mayina aja tinali nawo kale. Timangofuna tiwamve kuchokera pakamwa panu."

Mawa lake ndinapita ku esiteti komwe ndinausa mvula kuja. Tinyumba taudzu ta matenanti tinali chitsegukire, mbuzi zikulowa ndi kutuluka. M'chigafa ndinapeza mayi mmodzi akusankha fodya. Sanadzutse mutu.

"Anawakweza lole mwezi watha. Anawauza kuti mwawatchula ndinu."

"Mayi, ine sindinatchule munthu."

"Mukawauze eniake."

Abale amati ndithokoze Mulungu kuti ndatuluka, ndipo ndimathokozadi. Ndinabwerera m'kalasi, ndimaphunzitsabe za mafuta ndi nkhondo za eni chuma, palibe wonditsekera chitseko. Koma bambo wakummwera uja sindinamufunsepo mudzi wa kwawo. Lero ndine mfulu kupita kulikonse, koma komwe ndikufuna kukanena kuti sindinawatchule sindikudziwako.