Mfumu yanu ija ya bawuti

Kodi analamula ndani kuti wopambana ndi amene wadya zambiri? Malume, funso limeneli landibwerera lero, patatha zaka ziwiri chitisiyireni, nditapeza thabwa lanu la brandubh m'galaja kwanu ku Mirrabooka, kuno ku Perth, tikuthandiza anti kusamuka. Masewerawa munawaphunzira kwa mnzanu wa ku Ireland ntchito yakumigodi isanathe. Munkati kalekale ana a mafumu kumeneko ankawaphunzira akadali aang'ono. Mfumu imakhala pakati ndi asilikali anayi okha, adani asanu ndi atatu ataizungulira. Mfumu yeniyeniyo itatayika munangoikapo bawuti.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi tinayamba kusewera, ine ndinkangodya asilikali anu ngati tikusewera bawo, mfumu yanga ili phee pakati mpaka munaitsekera. Munaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, digiri yonseyo? Pano sitiwerenga zomwe wadya. Mfumu ikafika pakona yawina basi." Ndinati amenewo ndi masewera a anthu amantha. Lero ndikufunitsitsa kudziwa: mafumuwo ankaphunzitsa ana awo kuthawa, kapena kudziwa nthawi yonyamuka? Nanga inuyo, ntchito itatha, munakhaliranji pompano? Sindinakufunseni, ndinali pachangu monga mwa nthawi zonse. Chino ndi chaka chachitatu ndikunyamula mbale m'lesitilanti ku Northbridge ndi digiri ya uinjiniya, aliyense akuti ndifatse, Perth idzadzukanso. Masana ano ndawayankha a kampani ya kutali ku Darwin, amene andiitana ntchito, kuti ndikubwera, bawuti ija ndaiponya m'chikwama.