Mkaka wa mwana wanga unathera mu sinki

Mwana wanga anali asanakwanitse chaka pamene matenda a korona analowa m'nyumba yosamalira okalamba momwe ndinkagwira ntchito. Phala ankadya, nthochi ankanyambita, koma tulo take tinali kubere. Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Govanhill, m'fulati yapamwamba, ine, mwanayo ndi bambo ake amene anali pasukulu ku yunivesite. Iwo kunali kuwerenga, ine kunali kugwira ntchito.

Nyumba ya okalambayo inali yaikulu, yosanjikizana, makonde ataliatali, zitseko zofanana mbali zonse. Ntchito yanga inali kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza amene sangathe kudzitembenuza okha. Zipatala zitayamba kudzaza, anayamba kutitumizira okalamba ochokera kumeneko kuti mabedi apezeke. Tinafunsa ngati awayeza, yankho silinabwere. Chifuwa chinayambira khonde limodzi, kenako chinakwera masitepe. Masiki ankatipatsa imodzi kuti tisungire tsiku lonse. Anzanga anayamba kudwala mmodzimmodzi, ena anangosiya kubwera, ndipo sindiwanena.

Amanijala athu anatiyankhula pakompyuta ali kunyumba kwawo, maluwa akuoneka kumbuyo. Anati akufuna anthu ogona kuntchito konko kwa masiku ochepa chabe, kuti matenda asamatuluke ndi kulowa. Ndinawauza kuti ndikuyamwitsa. Anati mkaka wa m'chitini uli m'sitolo iliyonse, ndipo anawonjezera kuti ndikamapita kunyumba madzulo aliwonse, ndani akudziwa chimene ndikumutengera mwanayo. Pamenepo ndi pamene anandigwira, chifukwa sananame.

Ndinaimbira foni amayi kumudzi. Sanachulutse mawu. Anati mkaka ukagona m'bere umasasa, ndizifinya nthawi iliyonse imene mwana akanayamwa, ndipo bola usaume, mwana saiwala mayi ake. Ndinagwira mawu amenewo. Ndinamuyamwitsa m'mawa mpaka anagona, ndinamugoneka pabedi, n'kunyamula chikwama kukakwera basi yopanda anthu.

Tinkagona pamatiresi m'chipinda chimene okalamba ankachezeramo. Kofinyira kwanga kunali kuchimbudzi cha antchito. Chotumizira mkakawo kunalibe, ndipo ndani akanalandira botolo lochokera m'nyumba imeneyo? Ndiye ndinkangowerama pasinki, kufinya ndi manja, kutsegula madzi. Poyamba unkatuluka wambiri, wotentha, ndipo ndinkadziuza kuti si kutaya, ndi kusunga.

Thupi silisankha kulira. Nkhalamba ikabuula pabedi, mabere ankayamba kuyabwa, mkaka n'kumatsika pansi pa apuloni yapulasitiki. Panali agogo ena aakazi amene mutu unali utasokonekera, oyenda ndi chidole pachifuwa tsiku lonse. Ana awo enieni sankawazindikira. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anayang'ana malaya anga atanyowa.

"Mwana wako akulira. Ukutani kuno?"

Ndinati ali ndi bambo ake.

"Bambo akewo ali ndi bere?"

Ndinaseka mkati mwa masiki, koyamba chilowereni m'nyumbamo. Iwo sanaseke. Anandikankha dzanja n'kunena kuti ndipite, tsitsi adzapesa okha.

Sabata yotsatira anayamba kubanika. Namwino anaimbira ambulansi, kumeneko anafunsa zaka zawo ndi matenda awo ena, kenako anati tingowasamalira pomwepo kuti asamve ululu. Dokotala anawaona pafoni. Mwana wawo wamwamuna, wa imvi kale, anatsazika pafoni pomwepo, ine nditaigwira pafupi ndi khutu lawo. Kwathu munthu wodwala chotero nyumba imadzaza, ena amakhala pakhonde. Apa panali ine ndekha, ndi magolovesi, belu likulira kuchipinda china. Atatsirizika ndinawatseka maso, ndinalongedza katundu wawo m'matumba, ndinapukuta bedi. Nditafika kusinki mabere anali atauma gwa ngati miyala.

Masiku ochepa aja anasanduka masabata. Tinatsala owerengeka pa makonde onse aja, moti nthawi yofinya inayamba kusowa. Ukati ulowe kuchimbudzi, belu. Ukati umalize, wina wagwa. Bere lakumanzere linatupa, thupi linatentha, ndinaganiza kuti korona uja wandipeza. Namwino anandiyang'ana n'kuti ndi bere chabe, ndiike nsalu yofunda, ndimwe panado, ndibwerere kukhonde. Kutupa kutatha, mkaka unayamba kuchepa. Ndinkamwa tiyi makapu ambirimbiri, phala la okalamba lotsala ndinkamaliza, koma chotuluka chinali madontho.

Lachinayi lililonse madzulo anthu ankaima pazitseko zawo kuwombera m'manja antchito a zaumoyo, ena kumenya mapoto. Tinkawamva pawindo. Eni kampani anapachika chinsalu pageti cholembedwa kuti muno mumagwira ntchito ngwazi, n'kutitumizira makeke. Iwo eni sitinawaone nkhope. Ine ndinkangofuna munthu mmodzi wogwira khonde langa kanthawi koti ndifinye bwinobwino.

Mwana ndinkamuonera pafoni. Poyamba akamva mawu anga ankalira, kulimbana nayo foniyo kuti ailume. Patapita nthawi ankangoiyang'ana n'kupitiriza kusewera ndi supuni. Bambo ake anavutika naye, sindingawalande zimenezo. Anasiya mabuku, anaphunzira kubereka ndi chitenje, mwana akukana botolo mpaka kusasa mawu. Ndiye tsiku limene anandiuza mosangalala kuti ndisadenso nkhawa, wazolowera, akumaliza botolo lonse, ndinayamika. Nditadula foni ndinapita kukafinya ngakhale munalibe kanthu kwenikweni.

Anatilola kutuluka matenda atachepa, zipinda zambiri zitakhala zopanda anthu. Anandiyeza, ndinalibe. Nditafika kunyumba ndinavulira zovala pakhomo, ndinasamba mpaka khungu kuwawa, ndinafinya woyamba n'kutaya monga ananenera amayi. Unalipo ndithu, wochepa koma unalipo. Ndinakhala pansi pakapeti n'kutsegula malaya.

Mwana anandiyang'ana nthawi yaitali. Anali atamera mano ena awiri amene sindinawaone akutuluka. Ndinamuitana ndi kadzina kathu kosereula. Anakwawa n'kukabisa nkhope m'miyendo ya bambo ake.

Sindinafulumire. Ndinati mwana ndi mwana, mawa adzakumbuka. Ndinkagona naye khungu ndi khungu, kumuyesa akamasinza, kupaka timadzi ta shuga kunsonga. Mayi wina wa kutchalitchi anati ndibise botolo, njala idzamubweretsa. Ndinabisa. Analira kuyambira m'mawa mpaka masana, akudziponya chagada, bere lili pakamwa pake penipeni. Kamodzi kokha analigwira, anakoka pang'ono, anandiluma n'kulavula.

"Amake mwana, mulekeni," anatero bambo ake, atagwira kale ketulo. "Mwanayu ali ndi njala."

"Nanga ichi si chakudya?"

Anangopita kukatereka madzi.

Kwathu mayi amasankha yekha nthawi yoletsa mwana kuyamwa. Amadikira ayambe kuyenda, amapaka tsabola, mwana amakwiya masiku angapo, anthu n'kumaseka. Ine ndinkafuna ayamwe mpaka zaka ziwiri ngati mmene ndinayamwira ine. Anandisankhira ndi anthu amene sanamuonepo, ndipo mpaka lero palibe amene anandifunsa kuti mwana uja zinatha bwanji.

Tsiku lomwelo ndinamanga chifuwa ndi chitenje mothina kuti wotsalawo uume. Kenako ndinaima pakhitchini, bambo ake akundionetsa muyezo wa madzi ndi wa mkaka wa ufa, ndi mmene amadonthezera padzanja kuti amve kutentha. Ndinamunyamula mwana, ndinamupatsa botolo. Analandira. Anamwa lonse ali pamiyendo panga, maso ali kwa bambo ake.