Mapepala pa Mipando Yanga

Zonse za m'nyumba mwanga ndinakhoma ndekha. Tebulo ndi la mlombwa. Bedi ndi kabati ndi za paini wa kuphiri, amene ndinkatsika naye pamutu kuchokera ku Mulunguzi mawondo akadali olimba. Ndine kalipentala wa ku Chinamwali. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Mkazi wanga anamwalira. Ana aakulu ali pa mabanja awo. Amene anatsala nane ndi wotsiriza, wamkazi, wa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Mwanayu ankaphikira banja lina la ku Korea, m'nyumba ya mumsewu wokwera kuphiri. Mayi wa pakhomopo ndiye anamuzunguza mutu. Akuti phunzira chiyankhulo chathu, ukakhoza mayeso tikutenga, ukaphunzire kwathu. Mwanayo anandiuza tikudya. Ndinaganiza kuti zitha zokha ngati chimfine.

Tsiku lina ndikuchokera ku shedi ndinapeza nyumba yonse ili mapepala. Pampando pepala. Patebulo pepala. Pabedi, pakabati, ngakhale pa galasi la malemu amayi ake. Zolembedwazo sizinali zilembo. Tindodo ndi timikombero, ngati nkhuku yapalasa paufa. Anamata ndi selotepi, pamwamba pa vanishi.

"Ndani wachita izi?"

"Ndine, ababa. Ndi mayina a zinthu. Ndikamaziona tsiku ndi tsiku zilowa m'mutu."

"Zinthu zanga zili ndi mayina kale."

"Awa ndi ena."

"Mpando umenewo ndinaukhoma usanabadwe. Sunadandaulepo kuti dzina lauchepera."

Anaseka, n'kupita kukatereka madzi. Ine ndinakanganula pepala limodzi. Vanishi anatsatira. Ndinalibwezera.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali phokoso. Akusesa, amagunda mpando ndi tsache, amvekere, "Wija." Tebulo lodyera, "Shiktak." Akafika kuchipinda kwanga, "Chimde." Kabati ya zovala, "Otjang." Amabwereza katatu katatu. Ine ndili pakhonde ndi tiyi, tiyi wosakoma.

Choipa n'chakuti zinandilowa. Sindinafune. Mphunzitsi wina anabwera ku shedi kudzafunsa mipando inayi. Ndikulemba muyeso pathabwa, m'mutu mwanga munamveka "wija". Ndinalavula pansi. Mphunzitsi anayang'ana nsapato zake.

Ndinayamba kuwerengera. Akakhoza, apita. Akapita, nyumba ino itsala ine ndi makoswe. Ku Joni anthu amapita n'kubwera pa Khirisimasi. Za ku Korea ndinafunsa munthu wa ku koleji, anati ndege yake umakwera lero n'kukafika mawa. Ndikadzafa, adzamva nditaikidwa kale.

Sindinamuuze zimenezi. Sindidziwa kunena zotere. Ndinkangopeza zifukwa. Ndiwo zachuluka mchere. Malaya sanasite bwino. Iye amangoti, "Pepani, ababa," n'kubwerera ku kope lake.

Lamulungu lina masana anapita ku kwaya. Ndinakhala ndekha ndi mapepala aja. Nzeru inandibwerera. Ndinati, mwanayu amaloweza poyang'ana pepala. Ndikasinthanitsa, aloweza zolakwika. Akafika pa mayeso atchula bedi kuti tebulo, abwera nazo ziro, nkhani yatha. Palibe kukangana.

Ndinayamba. La pampando ndinaika pakabati. La pabedi patebulo. La pagalasi pachitseko. Selotepi inali itafooka, sinkagwiranso. Ndinapita ku shedi kukatenga guluu wa matabwa. Ndinapaka pang'ono kumakona. Ndipo poti dzanja linazolowera, ndinatenga sikweya yoyezera makona. Pepala lililonse ndinaliika pakati penipeni, lowongoka bwino. Sindingamate chinthu chopendama pa ntchito yanga. Sindinaganizeko n'komwe.

Anabwera dzuwa likupendeka. Anaima pakhomo ndi buku la nyimbo m'manja. Anayang'ana kabati. Anayang'ana tebulo. Anakhudza pepala limodzi ndi chala, n'kununkhiza chalacho.

"Ababa."

"Chiyani?"

"Kwabwera alendo?"

"Ayi."

"Ndiye ndi mizimu. Mizimu yake yodziwa sikweya."

"Anagwa ndi mphepo. Ndawatola."

"Mphepo yanyamula bedi kukaika patebulo?"

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako kuseka kuja kunatha, nkhope inauma.

"Mumafuna ndilephere."

"Ndimafuna nyumba yanga ikhale nyumba, osati sitolo."

"Ayi. Mumafuna ndilephere. Mukanandiuza kuti usapite, ndikanamva kuti bambo anga akuyankhula. Koma izi? Mwayesa ndine wopusa? Ndimawerenga, ababa. Pepala likhale padenga, ndiwerengabe chomwe lalembedwa."

Ine ndinkaona tindodo. Sindinadziwe kuti iye amamva mawu mu tindodomo monga ine ndimvera m'Baibulo.

"Ukayankhule choncho kwa azungu ako," ndinatero.

"Si azungu."

"Onse okwera ndege ndi amodzi."

Anatenga mpeni wa kukhitchini kuti achotse mapepala. Guluu wanga sachoka. Anapala mpaka thabwa kuonekera loyera. Ndinamuyang'ana akuwononga mlombwa, sindinamuletse. Wolakwa anali ine, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri.

Sabata yonse sitinayankhulane. Chakudya ankaika patebulo n'kuvindikira. M'mawa ankasesa mwakachetechete. Ndinkadikira tsache ligunde mpando. Silinagunde.

Loweruka kunabwera alamu anga, mchimwene wa malemu mkazi wanga, kuchokera ku Malosa. Anatsika pa kabaza atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Munthu amene sanagulirepo mwanayu ngakhale pensulo.

"Alamu, tamva zoti mukutchinga njira ya mwana."

"Mwamva kwa ndani?"

"Kwa mwini wake. Wabwera kudzalira kwa ife."

"Mwana wanga."

"Mbumba yathu, alamu. Mwambo mukuudziwa. Inu munabereka, tikuthokoza. Koma zoti apite kapena asapite, timanena ndife."

"Pamene ankadwala chikuku munali kuti? Yunifolomu ankamusoketsera ndani?"

"Musakweze mawu. Sitinabwere kudzamenyana."

"Mwakhalira mpando wanga. Dzukanipo."

Anadzuka. Anakonza jekete. Anati mwana akakhala kwa iwo mpaka mayeso atatha, kuti aziwerenga pa mtendere. Mwanayo anatuluka kuchipinda ndi chikwama chomanga kale. Anagwada patsogolo panga.

"Ababa, ndapita."

"Miyendo ndi yako."

Mayeso aja anakhoza. Ndinamva kwa mayi woyandikana nafe, amene anamva ku tchalitchi. Tsiku lonyamuka anabwera kudzatsanzika. Anandipeza ku shedi ndikupala chitseko. Sindinaike pulena pansi. Anandisiyira foni patebulo la ntchito, n'kundionetsa podina ikalira. Abale onse anamuperekeza kukakwera basi. Ine ndinati chitseko chili ndi mwini wake, akuchifuna lero. Linali bodza.

Patapita masabata atatu foni inalira m'mawa. Ndinaisiya ilire. Inaliranso. Ndinadina. Nkhope yake inatulukira, yaing'ono, atavala chipewa cha ubweya.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka."

"Mukudya?"

"Ndikudya."

"Dikirani ndikuonetseni pomwe ndikukhala."

Anazungulitsa foni. Kachipinda kochepa kuposa khitchini yathu. Katebulo kofika m'mawondo. Mpando palibe. Pakona chimbulangete chopinda.

"Bedi lili kuti?"

"Kulibe. M'nyumba ino timagona pansi. Pansi pake pamatentha bwino, ababa, simungakhulupirire."

"Umadyera pati?"

"Pansi pomwepa. Timakhala pansi."

Ine ndinakulira pamphasa, nsikidzi zikundidya. Ndinalumbira kuti mwana wanga sadzagona pansi. Aliyense ndinamukhomera bedi asanayambe sukulu.

"Mwana wa kalipentala," ndinatero. "Waoloka nyanja zonsezo kukagona pansi ngati pamaliro."

"Ababa, ndili bwino."

"Yeza chipindacho. Mulitali ndi mulifupi. Unditumizire."

"Muchita nazo chiyani? Bedi silikwera ndege."

"Ndati yeza."

Anati ayeza. Ndinadula foni ndisanatsanzike.

Muyeso anatumiza tsiku lomwelo. Ndinaulemba pakhoma la shedi ndi pensulo. Mlombwa wa bedi ndinagula, ukuuma. Anthu akafunsa kuti bedilo n'la ndani, ndimawauza kuti si nkhani yawo.