Mizere Yotsetsereka ya Atate

Linali Lachiwiri, patatsala masiku atatu kuti tidye Khirisimasi, nthawi ya 3 koloko masana, pamene mvula inakokolola munda wa atate. Ndinali ndi zaka khumi.

Chaka chimenecho n'chimene tinachoka kunyanja, ku Nkhotakota, kubwera kumapiri kuno kwa Kasakula. Atate anali msodzi, koma chambo chinatha, khoka linkangotuluka ndi ndere. Anagulitsa bwato, nagula makasu awiri, mbewu ndi makadi a chipani, ndipo munthu wina wachifundo anatipatsa kamunda ka pamtsetse.

Kwathu tinkadzala chinangwa m'mitumbira, pamchenga. Za mizere atate sankazidziwa. Anaiunga yotsetsereka, kuchokera pamwamba kulunjika kudambo. Masabata atatu akulima, anthu ankadutsa n'kumati, "Mwaswera bwanji a kunyanja? Ikuyendatu ntchito!" Palibe anawaletsa atatewo.

Madzi anatsika pakati pa mizereyo ngati mtsinje. Chimanga chathu, chitangofika m'kakolo, chinakathera kudambo pamodzi ndi dothi. Mbewu yotsala inali ya m'kansengwa kamodzi. Tikalakwitsanso, ndiye njala.

Mvula itakata anabwera a Nabanda, oyandikana nafe, ndi kambale ka ndiwo kudzapepesa.

"Ifetu timaona," anatero akubisa kuseka ndi chitenje, "koma timati mwina kunyanja amalima choncho."

M'kambalemo munali kasawala, tiana ta chambo, tophulika mimba, timaso tili tong'oo. Fungo lake ndi kuseka kuja zinandinyansa. A Nabanda atachoka, atate anatola kamodzi nakaika pachala chawo. Chala chinakaposa.

"Usawatukwane mumtima, mwanawe," anatero. "Anzanga atayamba kusoka makoka a maso ang'onoang'ono ogwira tiana ngati iti, inenso ndinkadutsa n'kumati ikuyenda ntchito. Kenako ndinasoka langa."

Sanadye. Inenso sindinadye.

Lero ndili ndi mwana kumbuyo, ndipo manyazi a paubwana sanandichoke. Pagulu mawu amandithawa. Koma kasawala sindigula, ndipo ndikaona munthu akulakwitsa ndimamuuza. Kuonerera mnzako akuwonongeka iwe uli duu kumanunkha kuposa nsomba yowola.

Ndinaziyamba m'mawa mwa tsiku lotsatira lija. Ndinatsuka kambale, ndinanyamula khasu, n'kukaima pakhomo pa a Nabanda, maso ali pansi.

"Amayi, mbale yanu nayi. Tiyeni mukationetse mmene mumaungira mizere kuno."