Kukaotha kwa Mayi Aakulu ku Wembley

Chisanu chikafika ku London, azungu amene ali ndi kanthu m'thumba amakwera ndege n'kuthawira ku Spain. Ine ndinkakwera basi ku Thamesmead, n'kukatsika ku North Greenwich, n'kulowa sitima yapansi mpaka ku Wembley. Ulendo wopanda pasipoti, koma pofika ndinkavula jekete ngati wina aliyense wotsika ndege m'dziko lotentha.

Fulati imene ndinkakhala inali pafupi ndi mtsinje, ndipo mphepo ya kumeneko inkadziwa ming'alu ya m'mawindo kuposa mwini nyumba. Hita inalipo, koma inkangolira ngati m'mimba mwa munthu wanjala, kutentha ayi. Masana ndinkaima pamsika wa Woolwich kugulitsa masutikesi ndi makadi oimbira foni kunja, zala zili gwa, mphuno ikuchucha. Mnzanga wa ku Lusaka amene ankagulitsa zipewa pambali panga ankati ndimavina tsiku lonse popanda nyimbo.

Ku Wembley kunkakhala mayi aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka. Anabwera kuno ine ndisanabadwe, nagwira unesi mpaka mawondo anakana, ndipo atapuma anapeza kafulati m'nyumba ya anthu okalamba. Si chipatala ayi. Aliyense ali ndi chitseko chake ndi kiyi wake, koma pansi pali chipinda chodyera cha onse, pali mayi woyang'anira nyumba, ndipo m'chipinda chilichonse mumalendewera chingwe chofiira chimene munthu amakoka akagwa.

Kutentha kwa m'nyumba imeneyo ndinali ndisanakuonepo chiyambire kubwera kuno. Ukangodutsa chitseko chachiwiri, mpweya wofunda unkakulandira kumaso, magalasi n'kuchita nthunzi mpaka osaona. Kunja mitengo ili mbulanda, madzi a m'ngalande aundana, koma m'katimo nkhalamba zikuyenda ndi malaya a manja aafupi, zina ndi masilipasi opanda sokosi. Ndinkagwira khoma, lofunda. Chitsulo chogwirira pamasitepe, chofunda. Ngakhale mpando wa m'chimbudzi unali wofunda, ndipo tsiku loyamba ndinakhalapo mpaka mayi aakulu anagogoda kufunsa ngati ndatsegula m'mimba. Kuseri kunali khonde lotchingidwa ndi magalasi, ndipo iwo anadzalamo tsabola wa kambuzi m'ndowa. Ankabereka mu Januwale. Ndinkaima n'kumamuyang'ana, wakupsa bwinobwino, chipale chofewa chitaunjikana kuseri kwa galasi, osamvetsa kuti anthu anatha bwanji kutsekera mwezi wa Okutobala m'nyumba n'kuusunga.

Lamlungu lililonse ndinkafika ndi kathumba ka therere kapena nsomba zouma, n'kunena kuti ndawasowa.

"Wasowa ine kapena hita?" ankatero, akundikankhira mpando kufupi ndi hitayo.

Chaka chimenecho mayi anga anayamba kudwala mtima kumudzi. Tsiku lina pafoni, mawu akutuluka modukizadukiza, anati, "Akulu anga ndinawaona komaliza iwe uli ku pulayimale. Ndikufuna ndiwaone ndi maso, osati pachithunzi. Ndawapempha, akungoti tiona. Iwe si uja umati palibe angakupose kunenerera? Kawanenerere abwere."

Zoti ndimadziwa kunenerera n'zoona. Ndinaphunzirira ku Limbe, ndipo ku Woolwich ndatsitsitsa mitengo anthu amene ankalumbira kuti kwawo satsitsa. Choncho Lamlungu lotsatira ndinapita ndi mtima wa munthu wokatenga katundu wake.

Ndinayambira patali, monga mwa ntchito. Ndinayamikira tsabola. Ndinati kumudzi mango apsa, ana akungowaponda. Ndinatchula anzawo akale amene akadali moyo. Pomaliza ndinafika pa mayi anga, mmene akupumira, mmene akulephera kufika kuchigayo. Iwo ankamvetsera akusita nsalu ya patebulo.

"Ndamva," anatero. "Panopa sindingathe."

"Ndi tikiti, mayi?"

"Tikiti si nkhani."

"Ngati ndi mawondo, pabwalo la ndege amakukankhani pa njinga mpaka pakhomo la ndegeyo."

"Ndati sindingathe. Imwa tiyi wako asanazizire."

Pamsika zikafika pamenepa chimatsala n'chimodzi: umanyamuka n'kumapita. Suthamanga, sucheuka, umayenda pang'onopang'ono kuti wogulitsa apeze mpata wokuitana. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Chabwino mayi, ndikawauza ang'ono anu kuti mwakana." Jekete ndinaisiya dala pampando kuti apeze chondiitanira. Ndinayenda m'kanjira ka kapeti kaja ngati ndanyamula mazira. Ndinadikira lifiti, inabwera, ndinaisiya ipite, ndinadikira ina. Chitseko choyamba, chitseko chachiwiri. Chinadzitseka kumbuyo kwanga n'kulira kuti kha. Palibe anandiitana.

Chitseko chimenecho kunja chilibe chogwirira, umaliza belu kuti wa m'kati akutsegulire. Kuliza belu kukanakhala kuvomera kuti ndagonja, ndiye ndinazungulira nyumba ndi malaya okhaokha kufuna pobisala mphepo. Ndinakapezeka pawindo la chipinda chodyera.

Inali nthawi ya nkhomaliro. Pakona panali bambo wina wachizungu, wamtali, wowonda mpaka kolala ya shati ikumuzungulira khosi osalikhudza. Manja anali pamawondo, mbale ili patsogolo pake yosakhudzidwa. Mayi aakulu analowa ali ndi foloko yokha m'manja, opanda mbale. Sanakhale moyang'anizana naye, anakhala pambali pake, phewa ndi phewa, n'kuyamba kudya m'mbale mwake akuyang'ana kwina. Panapita nthawi. Kenaka dzanja la bamboyo linakwera pang'onopang'ono kuchokera pabondo n'kutola foloko.

Moyo wanga wonse ndaona anthu akudyera m'mbale imodzi, koma sindinadziwe kuti ingakhale ntchito yofuna luso ngati kusoka bala. Ndi chala chimodzi ankatembenuza mbale pang'ono kuti nyama ikhale mbali ya bamboyo. Dzanja lake linkanjenjemera, nsawawa zikugwera patebulo, iwo osatola, osapukuta, osaona n'komwe. Akayamba kuzengereza, iwo ankatapa pang'ono, iye n'kuyambiranso. Ankatafuna nthawi yaitali kanthu kakang'ono kwambiri, ngati akudya ndithu. Ndinaima pamenepo mano akugundana, osatha kuchotsa maso, mpaka mbale inayera.

Amene anandichotsa anali mayi woyang'anira nyumba, ataona munthu wopanda jekete akusuzumira okalamba pawindo. Anatuluka foni ili kale m'manja. Mwamwayi mayi aakulu anakweza foloko m'katimo kusonyeza kuti chitsirucho n'chawo.

Titakwera kuchipinda anandiponyera bulangete n'kundifotokozera.

"Bambo aja ndi a ku Ireland, ankamanga nyumba. Akazi awo anamwalira chaka chatha, ndipo khomo lawo ndi loyandikana ndi langali. Kuyambira pamenepo anasiya kudya. Atsikana obwera kudzawasamala amayesetsa, koma ali ndi makomo ambiri oti afike, ndiye amawaimirira pamutu ndi sipuni, idyani, idyani. Munthu angameze bwanji wina atamuimirira? Tsiku lina ndinangokhala pansi n'kuyamba kudya mbatata yawo ngati kwathu. Anandiyang'ana ngati wakuba, kenaka anatola foloko. Ndikajomba tsiku limodzi, mbale imabwerera kukhitchini mmene inachokera. Ndiye ndichoke milungu isanu ndi umodzi? Pobwera ndidzapeza ndani?"

"Alibe ana?"

"Mmodzi, ku Australia. Amaimba pa Khirisimasi."

"Koma mayi, ukotu ndi m'bale wanu wa bere limodzi."

Anapindanso nsalu imene anali atapinda kale. "Ukuyesa sindikudziwa? Ndinkamubereka kumsana ine ameneyo." Anaiika pansi nsaluyo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene ine ndimayang'anira sutikesi ndisanaigule. "Pamsika paja angakugwirire ndani masana?"

Ndinazindikira mochedwa kuti wogulidwa ndine.

"Adye nawe kamodzi kokha, amalize mbale, ine ndikuona. Akatero ndinyamuka. Ndipo uzidzabwera tsiku lililonse mpaka nditabwerako."

"Tsiku lililonse, kuchokera ku Woolwich? Katatu pa mlungu, mayi."

"Tsiku lililonse."

"Tigwirizane kanayi."

"Iwe umadya kanayi pa mlungu?"

Mnzanga wa zipewa anavomera kundiyang'anira masutikesi masana, atamaliza kuseka.

Tsiku loyamba mayi aakulu anandikhazika pambali pa bamboyo, n'kumuuza m'Chingerezi kuti ndine mwana wawo, iwo n'kukaima pakhomo. Kwathu ana aamuna tinalipo asanu, ndipo tinkadyera pamodzi. Amene anakulira m'nyumba yotere amadziwa kuti dzanja silidikira mutu. Ndinali nditauma ndi chisanu kuyambira m'mawa, chakudya chinali chotentha, ndipo pamene ndinakumbukira chimene ndinabwerera, m'mbale munatsala msuzi wokha. Bamboyo anayang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana ine, n'kubweza maso pamawondo.

"Ndakutuma kudzadyetsa kapena kudzadya?" anandinong'oneza mayi aakulu, akupita kukhitchini kukapempha ina.

Masiku otsatira ndinadya ngati mkwatibwi. Ndinkatembenuza mbale monga ndinaonera, koma ine ndikatembenuza inkalira patebulo. Ndinkatamanda chakudya mmene ndimatamandira zipi ya sutikesi: taonani nyama iyi bwana, yofewa, simungaipeze kwina. Iye manja pamawondo. Anali atandiona kuti ndikumugulitsa kanthu, ndipo sanafune kugula. Pakapita mphindi makumi awiri mayi aakulu ankabwera, ine n'kusuntha, iye n'kutola foloko.

Mlungu wachiwiri mchemwali wanga wa kumudzi anaimba foni kunena kuti mayi awagoneka m'chipatala, miyendo yatupa. Mayi aakulu anasiya kundiseka za hita. Ndikafika ndinkawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato ili kuphazi limodzi, aiwala inzake.

Lachisanu la mlungu umenewo kunali nsomba ndi tchipisi. Ndinali nditatopa, nzeru zonse zitandithera, moti sindinatamande chilichonse. Ndinangokhala n'kumatola tchipisi, maso ali pa khoma la njerwa limene linali kuseri kwa malo oimika magalimoto. Pofuna kungotseka chete uja ndinati, "Khoma lija analimanga bwino."

Pambali panga panamveka kaphokoso ka m'mphuno.

"Bwino?" Aka kanali koyamba kumva mawu ake, okhuthala, ochita dzimbiri. "Amene anamanga lija anali ataledzera."

Munthu wanzeru akanavomera. Koma ine pakamwa panga sipadziwa kuvomera mawu oyamba a munthu, ngakhale atanena kuti kunja kukuzizira. "Ayi bwana, lawongoka ngati kandulo. Kwathu womanga wotere timamupatsa mkazi."

"Uli ndi maso iwe? Tayang'ana mzere wachitatu kuchokera pansi." Analoza, ndipo chimene analozera chinali foloko. Anali ataitola osadziwa. "Ukutsetsereka kupita kumanzere. Simenti yake pena chala chimodzi, pena ziwiri. Ndikanakhala kapitawo akanaligwetsa asanamwe tiyi."

"Koma laima mpaka lero."

"Ndi chisomo cha Mulungu, osati cha womanga."

Mkangano utandikomera, dzanja langa lakale lija linadzuka lokha n'kulunjika pa chidutswa chachikulu cha nsomba chimene chinali mbali yake. Foloko yake inatsika ngati nkhwangwa n'kuchibaya ine ndisanafike.

"Imeneyo ndi yanga," anatero, n'kuiponya m'kamwa.

Ndinaopa kupuma, ndinaopa kuyang'ana kukhomo. Anatafuna, anameza, n'kupitiriza za njerwa: mmene umaiviikira m'madzi, mmene umaigogodera ndi chigwiriro cha chipande chomangira, mmene chisanu chimaphulitsira simenti yosakanizidwa mwaulesi. Dzanja lomwe linkanjenjemera ndi foloko linkati likajambula mzere m'mwamba n'kukhala chilili osagwedezeka. Akayamba kuzirala ndinkatsutsa kena, ndikatsutsa n'kutambasula dzanja, iye n'kunditsekereza. Ndinanena mabodza ambiri okhudza zomangamanga masana amenewo, ndipo lililonse analiwongola ali ndi chakudya m'kamwa. Pomaliza anang'amba buledi n'kupukuta mbale, n'kundiuza kuti mawa adzandionetsa khoma lenileni pa zithunzi zake, popeza zikuoneka kuti sindinalionepo.

Nditacheuka, mayi aakulu anali atachoka pakhomo paja.

Ndinawapeza m'chipinda mwawo ataimirira, foni ili kukhutu. Anali ataimbira mchemwali wanga kuchipatala kuti aike foni pakhutu la mayi. Ndinaima pakhomo osalowa.

"Ndine," ankatero. "Ayi, usalankhule, sunga mpweya, ungomvera. Ndikubwera. Ndege yoyamba imene ndiipeze. Umwe mankhwala onse, ndipo miyendoyo aziisanjika pa pilo. Undidikire, wamva?"

Anamvetsera kwa kanthawi, maso ali otseka, akugwedeza mutu ngati wa uko akuwaona. Ataika foni anapukuta kumaso ndi m'mphepete mwa juzi, n'kundiona.

"Waima chiyani pamenepo? Mawa kuli nyama yogaya, ndipo saikonda. Ubwere ndi mkangano wina."